Kodi Nyimbo Ili M'foni Mwanuyo Ndi Yanu?

  

Lero tikamba za nyimbo. Zoti woimba bwino ndani tizisiye kaye, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Funso la lero ndi ili: nyimbo imene mumaikonda kwambiri ija, ili kuti? Kodi ili m'nyumba mwanu, pamalo poti mungaitenge ndi dzanja, kapena ili kwa eni ake ena amene akungokubwerekani?

Ndineneretu maganizo anga kuti tiyendere limodzi. Nyimbo imene mumamvera pa intaneti ndi yobwereka. Ndi yokoma, ndi yosavuta kupeza, ndipo sindikukuletsani. Koma ndi yobwereka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yathu yonse.

Tiyamba ndi kumene tachokera, masiku a makaseti. Kenako tiona mmene nyimbo za pa intaneti zimayendera. Tikatero tifika pa chinthu chimene chikundidetsa nkhawa ine, chokhudza nyimbo zathu zakale za kuno kwathu.

(Nyimbo pang'ono)

Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mukukumbukira kuti kugula kaseti inali nkhani. Munthu ankasunga ndalama, n'kupita kumsika kapena kusitolo, n'kusankha imodzi yokha. Wogulitsa ankayamba waiyesa pawailesi yake kuti mumve ngati ikulira bwino mbali zonse ziwiri. Mukafika nayo kunyumba, banja lonse linkasonkhana, ndipo oyandikana nawo nyumba ankabwera osaitanidwa.

Kaseti inkafuna chisamaliro. Pofuna kusunga mabatire, sitinkabweza tepi ndi wailesi ayi. Tinkalowetsa bolopeni pa kabowo ka mano kaja n'kumazungulitsa kasetiyo m'mwamba mpaka tepi yonse ibwerere poyambira. Tsiku lina nyimbo ili mkati, mawu a woimba ankayamba kukokeka, ndipo aliyense ankadziwa kuti wailesi yatafuna tepi. Wina ankathamanga kukazimitsa, n'kutsegula pang'onopang'ono, n'kuyamba kusolola katepi kabulauni kaja mosamala kuti kasaduke. Kakaduka, tinkamasula tizomangira ta m'makona, kudula malo opindikawo ndi lezala, n'kulumikiza ndi kyutekisi kapena kaselotepi kakang'ono. Kuyambira tsiku limenelo nyimbo ija inkadumpha pamalo amenewo, ndipo ana a m'nyumbamo ankaloweza nyimboyo ndi kudumpha kwake komwe.

Umu ndi mmene nyimbo za ku Balaka zinafikira m'makomo mwathu: Alleluya Band, a Paul Banda, ndi mng'ono wawo malemu Lucius Banda amene anatisiya mu 2024. Umu ndi mmene reggae ya ku Chileka, ya malemu Evison Matafale ndi Black Missionaries, inafalikira kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Oimba ankajambula nyimbo zawo, n'kupita nazo kwa ogulitsa akuluakulu monga a O.G. Issa ku Limbe, ndipo makaseti ankachoka kumeneko m'makatoni kupita m'misika ya m'maboma. Bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, linkamata kachizindikiro pa kaseti yeniyeni kuti wogula asiyanitse ndi yakuba. Sikuti zonse zinkayenda bwino. Oimba ambiri ankadandaula kuti gawo lawo pa kaseti iliyonse linali lochepa, ndipo makaseti achinyengo anali mbwee. Komabe panali chinthu chimodzi chomveka: mwapereka ndalama kamodzi, mwatenga kaseti, ndi yanu. Palibe ankabwera mwezi wotsatira kudzakulipiritsaninso kuti muimvere.

Kenako kunabwera ma CD, ndipo sanakhalitse. Anawalowa m'malo ndi memori khadi ndi fulashi. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ambiri a ife tili pamenepa mpaka lero.

Pitani pamsika uliwonse, mupeza kakhumbi kamene muli mnyamata ndi kompyuta, sipika ili panja ikulira. Mumamupatsa memori yanu ndi kandalama kochepa, n'kunena kuti andiikire zauzimu, andiikire zakale, ndipo pakangotha mphindi zochepa mwatenga nyimbo mazanamazana. Timati kubena. Nyimbo zimenezi muli nazo ndithu. Sizifuna bandulo, sizifuna netiweki, zimalira ngakhale kumunda. Koma taganizani za woimba uja amene analipira situdiyo, analipira oimba magitala, mwina anachita kukongola ndalamazo. Pa kandalama kamene mwapereka pakakhumbi paja, iye walandirapo chiyani? Ndi chifukwa chake malonda a makaseti ndi ma CD anagwa, ndipo oimba ambiri lero amadalira mashoo, maukwati ndi misonkhano kuti adye. Lamulo la mu 2016 loteteza eni ntchito za luso linayesa kukonzako pang'ono: linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko muno, ndipo ndalama zake a COSOMA amagawira aluso. Ndi chithandizo ndithu, koma sichifanana ndi munthu kugula chimbale kwa mwini wake.

Palinso china chimene chinatayika pakakhumbi paja, ndipo sitichitchula kawirikawiri. Kaseti inkabwera ndi kapepala mkati. Pakapepalapo pankakhala chithunzi cha woimba, mayina a nyimbo zonse, dzina la situdiyo, ndipo nthawi zambiri mayina a amene anaimba besi, ng'oma, kiyibodi, ndi amayi ovomereza kumbuyo. Mu memori zonsezi mulibe. Nyimbo imangolembedwa nambala, kapena imalembedwa dzina la woimba wolakwika, ndipo cholakwikacho chimafala kuchoka pafoni ina kupita pa ina. Mwana wa lero angaikonde nyimbo kwa zaka zambiri osadziwa kuti anaipeka ndani.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kusiyana kwa nyimbo imene muli nayo m'manja ndi nyimbo yongomvera pa intaneti. Tsopano tione za pa intanetizo.

Ambiri mukudziwa YouTube. Achinyamata akudziwanso Boomplay, Audiomack ndi Spotify, kampani ya ku Sweden imene inayamba kupezeka kuno ku Malawi mu 2021. Mmene zimayendera ndi motere. Nyimbo sizikhala m'foni mwanu. Zimakhala m'makompyuta akuluakulu a kampaniyo, kutali kumayiko ena. Mukadina kuti nyimbo ilire, imabwera pang'onopang'ono kudzera pa netiweki, inu mukumvera, bandulo yanu ikutha. Mawa mukafuna kuimvanso, ibweranso chimodzimodzi, ndipo bandulo idyekanso. Ena amalipira mwezi ndi mwezi kuti azimvera popanda kusokonezedwa ndi otsatsa malonda.

Wina anena kuti, koma ine ndimatha kuisunga mu apu momwemo n'kumamvera popanda intaneti. Zoona. Koma yesani kuichotsa mu apumo kuti muiike pa fulashi, muona kuti yakana. Ndi yokhoma. Pa Spotify, mukasiya kulipira, kapena mukatha mwezi wathunthu osalumikiza foni ku intaneti, nyimbo zosungidwazo zimasiya kulira. Mwalipira chilolezo chomvera basi. Nyimboyo simunagule.

Ndisabise, ubwino wake ulipo, ndipo ndi waukulu. Tengani nkhani ya agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Aimba ndi gitala yawo kwa zaka zosawerengeka, akudziwika makamaka kuno kwathu. Mu 2020 anajambulanso nyimbo zawo ndi Patience Namadingo, ndipo nyimbo ya Linny Hoo inayenda pa intaneti mpaka achinyamata a kumayiko akutali, osamva ndi liwu limodzi lomwe la Chichewa, anayamba kuivina pa TikTok. Kaseti sikanatha kuchita zimenezi. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Mchesi lero angajambule nyimbo m'chipinda, mawa m'bale wake wa ku Cape Town n'kuimva. Zimenezi ndimazikondwerera ndi mtima wonse.

Koma chobwereka chili ndi mwini wake, ndipo mwini wake amasankha yekha. Mu 2022 woimba wotchuka wa ku Canada, Neil Young, anasemphana maganizo ndi Spotify n'kuchotsako nyimbo zake. Anthu amene ankalipira mwezi ndi mwezi anangodzuka n'kupeza kuti kulibe, ndipo zinatenga zaka ziwiri kuti zibwerere. Amene anali ndi zimbale zake kunyumba anapitiriza kumvera. Nkhani ina ndi yomvetsa chisoni kuposa imeneyi. Facebook isanatchuke, oimba ambiri padziko lonse ankaika nyimbo zawo pa tsamba lotchedwa MySpace. Mu 2019 kampaniyo inavomera kuti posamutsa zinthu m'makompyuta ake, inataya nyimbo mamiliyoni ambirimbiri zimene anthu anaikapo kwa zaka zoposa khumi. Oimba amene sanasunge zawo kunyumba analira. Iwo ankaganiza kuti chimene chili pa intaneti sichingasowe.

Nanga woimba amapindula bwanji? Makampaniwa amasonkhanitsa ndalama za olipira ndi za otsatsa malonda, amatengapo gawo lawo, ndipo zotsalazo amagawa potengera kuti nyimbo ya yani yamveredwa kangati poyerekeza ndi nyimbo zonse. Ndiye kuti woimba wa ku Mzuzu ali pamzere umodzi ndi oimba otchuka a ku America ndi ku Nigeria amene amamveredwa ndi dziko lonse. Kumvera kumodzi kumabweretsa kandalama kochepetsetsa. Ndipo kuyambira mu 2024, pa Spotify, nyimbo imene sinamveredwe kokwana 1,000 pa chaka siwerengeredwa n'komwe pogawa ndalamazo. Kwa woimba wathu wa kwaya kapena wa banjo, munthu mmodzi wogula CD m'manja mwake pakhomo la holo amamuthandiza kuposa anthu ambirimbiri omvera pa intaneti.

Ndibwereze mfundo ija: ya pa intaneti ndi yobwereka. Yanu ndi imene mwagula ndipo mwaisunga.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano tafika pa chimene chikundidetsa nkhawa.

Tengani foni yanu, kapena pemphani mdzukulu wanu, mufufuze pa intaneti nyimbo zimene zinkalira pa ukwati wanu. Zina muzipeza. Koma zambiri za nthawi ya makaseti simuzipeza, kapena mupeza imodzi yokha pa chimbale chonse, yoikidwa ndi munthu wokonda nyimbo, mawu ake osamveka bwino. Makampani akunjawa sadana nafe ayi. Iwo amangosunga zimene wina wawapatsa. Ngati woimba anamwalira, situdiyo inatsekedwa, wogulitsa anasiya malonda, ndipo tepi yoyambirira sikudziwika kumene ili, adzaipereka ndani? Ndipo sindikunena za oimba otchuka okha. Ndikunena za kwaya ya mpingo wanu imene inasonkha ndalama n'kujambula kaseti imodzi yokha m'moyo wake wonse. Ndikunena za amayi a Mvano, za bandi ya anyamata a pamudzi ya magitala a zigubu. M'makaseti amenewo muli mawu a anthu amene tinawaika m'manda kalekale. Mwina kaseti yotsala padziko lonse lapansi ndi imene ili m'katoni kunsi kwa bedi lanu.

Mbiri yathu yomwe ikutiphunzitsa zimenezi. M'zaka za m'ma 1950, mkulu wina wotchedwa Hugh Tracey anayenda m'midzi ya dziko lino, nthawi imeneyo likutchedwa Nyasaland, akujambula oimba bangwe, kalimba ndi nyimbo za magule. Zimene anajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mu 1967, katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana ndi anyamata awiri apachibale a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo anawajambula mawu ndi kanema. Onse awiri anatisiya, koma tikutha kumva gitala ya Daniel ndi chitoliro cha Donald chifukwa wina anasunga tepi. Chimodzimodzi wailesi ya MBC, imene kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno: inkajambula oimba athu pa matepi akuluakulu ozungulira aja, ndipo ndi mmene mawu a anthu ngati Allan Namoko wa ku Thyolo, woimba banjo wosaona uja, anafikira m'makutu a mtundu wonse.

Tamvetsani bwino apa. Chilichonse chakale chimene lero mukuchipeza pa YouTube chinayamba chakhala pa tepi kapena pa chimbale chimene munthu wina anachisamala. Intaneti siinapeke nyimbo zimenezo ndipo siinazipulumutse. Anazipulumutsa ndi munthu amene anakana kutaya. Ndipo zimandiwawa ndikaganiza kuti zina mwa nyimbo zakale kwambiri za makolo athu, kuti tizimve, tiyenera kukazipempha kunja. Amene anazisungawo ndikuwathokoza. Koma za m'badwo wa makaseti zili m'manja mwathu ife, ndipo tikazitaya sitidzaloza wina chala.

Wina afunsa kuti, kodi kasetiyo ndiye yosatha? Ayi, nayonso imatha. Chinyezi chimaibweretsera nkhungu. Dzuwa limaipinda. CD ikakalika imadumpha. Moto ndi madzi sizisankha. Abale athu ambiri a kum'mwera amene anakumana ndi namondwe wa Freddy mu 2023 anataya zonse za m'nyumba, ndipo zithunzi ndi nyimbo zinapita limodzi ndi katundu. Ngakhale memori imene timaidalirayi imangofa tsiku limodzi popanda chenjezo, kapena imapita ndi foni yobedwa mu minibasi. Choncho sindikunena kuti tibwerere kumakaseti. Ndikunena kuti chinthu chimene chili pamalo amodzi okha chili pangozi, kaya malowo ndi katoni yanu, kaya ndi kompyuta ya kampani ya kunja. Kusiyana kwake n'kwakuti za m'katoni mwanu mungachitepo kanthu lero lomwe.

Ndiye tichite chiyani? Tulutsani katoniyo. Makaseti muwachotse pansi pomwe pamafika chinyezi, muwaike pamwamba, pouma, posafika dzuwa, aliyense m'kabokosi kake. Musawagoneke pamwamba pa sipika, chifukwa maginito a m'sipika amafufuta mawu a pa tepi. CD muziigwira m'mbali, ndipo poipukuta gwiritsani kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Kapepala ka mkati kaja musataye, ndipo ngati mungathe kajambuleni ndi foni.

Kenako funani wailesi ya kaseti imene ikugwirabe ntchito. Zikusowa masiku ano, choncho musazengereze. Amisiri okonza mawailesi m'misika ena akadali nazo. Wachinyamata wodziwa kompyuta angalumikize kachingwe kuchokera pa kabowo ka mahedifoni kupita ku kompyuta, n'kujambula kaseti yonse mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene agogo ndi mdzukulu angagwirire ntchito limodzi: wina akudziwa makina, wina akudziwa mayina. Agogo anene kuti woimba uyu ndi uje, wotsogolera kwayayi anali mayi uje, tinajambula chaka cha njala chija, ndipo mdzukulu alembe. Mukamaliza, sungani pawiri: ina kwanu, ina kwa m'bale wanu wokhala dera lina. Kaseti yeniyeniyo musaitaye ngakhale mwakopera.

Ndichenjezepo chimodzi. Kusunga si kugulitsa. Nyimbo ili ndi mwini wake ngakhale woimbayo anamwalira, pakuti pali ana ake ndi akumtundu. Mukapeza kuti muli ndi kaseti yosowa ya woimba wina, yesetsani kudziwitsa banja lake kapena a COSOMA. Mwina nawonso akuisakasaka, ndipo ndi iwo amene ali ndi ufulu woiika pa intaneti kuti phindu lake lifike pakhomo loyenera.

Kwa inu oimba amene mukutimvera, makamaka achinyamata, mawu anga ndi awa. Mukamaliza kujambula, musachoke ku situdiyo ndi kanyimbo kotumizirana pa WhatsApp kokha. Pemphani nyimbo yanu yoyambirira, yosafinyidwa, ndipo muisunge nokha malo awiri. Kompyuta ya situdiyo ingapse, ingabedwe, ndipo wojambulayo angasamuke. Ikani nyimbo zanu pa intaneti kuti dziko limve, koma konzaninso kanthu kogwirika koti okukondani agule kwa inu pa shoo, kaya ndi CD, kaya ndi fulashi yolembedwa dzina lanu ndi mayina a onse amene munaimba nawo.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, omvera. Ndikusiyireni mafunso oti mukambirane pakhomo usiku uno. Ndi nyimbo iti imene mungafune kuti adzukulu anu adzaimve inu kulibe? Ili kuti panopa? Netiweki itasowa mwezi wathunthu, kapena kampani imene mumamverako itatseka, mungaipezenso? Ndipo woimba amene nyimbo zake zakutonthozani pamaliro ndi kukuvinitsani paukwati, ndi liti pamene munamugulako kanthu m'manja mwake?

Mverani za pa intaneti mmene mungathere, n'zabwino. Koma zimene mumazikonda zenizeni, gulani kwa eni ake ndipo musunge. Ndipo chonde, pokonza m'nyumba sabata ino, katoni ya makaseti ija isapite kudzala kapena pamoto musanaone zimene zili m'katimo.